Mtsuko wa Ulusi Wofiira

Lachiwiri, 4 Mangsir

Ndayamba kulemba chifukwa kugona chagada n'kumayang'ana denga kwanditopetsa. Mwayi wake dzanja lothyoka ndi lamanzere. Aliika chikhakha kuyambira ku zala mpaka pa chigongono. Pamphumi andisoka, ndipo ine amene ndakalambira pa makina osokera ndikuti wosokayo asadzayerekeze kugwira malaya a munthu.

Kumutu kwa bedi alemba kuti Harsha Narayan Dangol, zaka 77. Zakazo azilemba zikuluzikulu ngati ndiye matenda anga.

Zomwe ndikukumbukira ndi izi. Lamlungu tinali ndi phwando la pachaka la bungwe la mabanja athu kumudzi kwathu ku Kirtipur. Tinakhala pamzere monga mwa msinkhu, ine wachitatu kuchokera kumtunda. Ndinadya mpunga wosinja ndi nyama ya njati, n'kumwa timakapu titatu ta aila, kachasu wathu wa mpunga, wotcheza mkazi wanga. Titatu basi, monga chaka chilichonse. Kenaka ndinadzuka kuti ndikatulutse madzi. Akuti masitepe ndinawatsika ndi mutu.

Pa 19 mwezi uno wa Mangsir ndi janku wanga, mwambo wathu wa ukalamba. Munthu akakwanitsa zaka 77, miyezi isanu ndi iwiri ndi masiku asanu ndi awiri, adzukulu amamukoka m'ngolo kuzungulira mudzi, mkazi wake ali pambali pake atavala ngati mkwatibwi. Tsikulo silisuntha. Mwana wanga Ujwal akuti tingoleka. Ndamuuza kuti akaleke iye ukalamba wake ukadzafika.

Lachitatu, 5 Mangsir

Andijambula m'mutu. Apeza timagazi tochepa tatsakamira pansi pa chigaza. Sadzang'amba, angodikira kuti tiume tokha. Mapiritsi anga ochepetsa kuundana kwa magazi awaimitsa, a BP akupitiriza. Diripi imodzi. Namwino amabwera pafupipafupi kudzandiunika m'maso ndi tochi n'kundifunsa dzina langa.

Dokotala ndi mtsikana, a Pradhan, wamng'ono kuposa Ujwal. Anakhala pampando n'kundifunsa kuti ndinamwa wochuluka bwanji.

"Titatu, mwana wanga. Ndayamba kumwa titatu inu musanabadwe."

"Timakaputo n'tomwe tija, agogo, koma thupi si lomwe lija. Munthu akamakula minofu imachepa, ndipo madzi a m'thupi amachepa nawo. Mowa ukalowa umasowa mosungunukira. Shuga wa sipuni imodzi mukamuthira m'kapu yaing'ono amamveka kwambiri kuposa m'kapu yaikulu. Chiwindi nachonso chimagwira ntchito mwapang'onopang'ono, ndiye mowa umakhalitsa m'magazi. Kuonjeza apo mapiritsi anu aja."

Ndinamvetsera bwinobwino, chifukwa amayankhula mwaulemu. Koma ndinawauza kuti chaka chatha ndinamwa titatu tomweto, n'kuyenda ndekha mpaka kunyumba, n'kulowetsa ulusi pa singano. Munthu amakalamba chaka chimodzi chokha? Anati zimenezo sakudziwa, akudziwa zomwe magazi anga anaonetsa Lamlungu.

Pa bedi loyandikana nane pali a Harka, msilikali wopuma wa ku mapiri a Lamjung, awachita opaleshoni ya m'chiuno. Dokotala atatuluka anati, "Achikulire, mwaluza mlandu."

Lachinayi, 6 Mangsir

Mutu. Ndasanza kawiri. Kuwala kukundipweteka.

Lachisanu, 7 Mangsir

Lero bwinoko. Ndadya msuzi wa mphodza ndi chambiko zomwe abweretsa amake Ujwal. Zakudya za muno zilibe mchere, ngati wophikayo anakwiyira munthu.

Amake Ujwal, dzina lawo Chinimaya, ndi munthu wa pakamwa. Kwathu akayamba kuyankhula, nkhunda zimauluka padenga. Koma sabata ino akungokhala pheee, akundipukuta kukamwa ngati khanda. Zikundiopsa kuposa timagazi ta m'mutu.

Ndilembe apa chifukwa chake janku ameneyu sindingamuleke. Ine mayiwa ndinawatenga mothawitsa. Makolo awo ankafuna wa minda, osati telala. Sitinachite phwando, sanavale zofiira, palibe anawaimbira ng'oma. Sanadandaulepo poyera, koma ukwati uliwonse ukamadutsa pamsewu wathu amaima pazenera mpaka ng'oma zitazimiririka. Bulauzi yofiira ya pa 19 ndasoka ndekha, maso anga oipa omwewa, ndipo ili m'bokosi.

Madzulo dokotala anabwera tili tonse. Anati ngati chithunzi chachiwiri chidzaonetse kuti magazi akuuma, adzanditulutsa mwambo usanafike. Koma mowa ayi, ngakhale dontho. Ndikapanda kulonjeza, adzauza Ujwal kuti mwambowo ndi woopsa kwa ine, ndipo Ujwal akungodikira mawu omwewo.

Dokotala ndi wa kwathu konkuno, akudziwa zomwe akunena. Pa janku banja lililonse limabwera ndi dzira, kansomba kouma ndi kapu ya aila, ndipo iwe umalandira. Ndi madalitso amenewo.

"Ena amangokhudzitsa pamlomo," anatero amake Ujwal, maso ali pansi.

"Amenewo ndi ana ndi odwala."

"Nanga inu muli kuti panopa? Kumsika?"

A Harka anaseka mpaka bala linawapweteka. Ine ndinati sindikhala m'ngolo pamaso pa mudzi wonse n'kumanyambita kapu ngati mphaka. Mayiwa anasonkhanitsa mbale zawo n'kupita osatsazika. Ndadziona wopusa, koma sindinasinthe maganizo.

Loweruka, 8 Mangsir

Tsiku la alendo. Kwabwera a Nhuchhe, mkulu wa mzere wathu, zaka 84, ndi anzathu ena awiri. Abweretsa malalanje n'kudya okha theka.

Ndamva zomwe a pabanja langa amandibisira. Si ine ndekha. Lamlungu lija akuluakulu onse a kumtunda kwa mzere zinawavuta. A Nhuchhe anaimba nyimbo ya chikondi pamaso pa apongozi awo. Wina anagona pabwalo mpaka adzukulu kumunyamula. Ine ndekha ndiye ndinapezana ndi masitepe.

"Ndiye ati ukalamba?" anakuwa a Nhuchhe, amene samva bwino ndipo amayesa tonse ndife ogontha. "Tonse tinakalamba tsiku limodzi? Ine ndimamwa tinayi, n'kubwerera kwathu wowongoka ngati nsungwi. Mowa uja unali ndi vuto, Harsha. Usandikwiyire, koma mlamu wathu dzanja lamuthawa. Mudzi wonse ukunena."

Ndinene zoona: mtima wanga unakhala pansi. Si ine, ndi mowa. Ndinachita kumwetulira. Atapita m'pamene ndinakumbukira kuti mowawo uli ndi mwini wake, ndipo mwini wakeyo watcheza aila wa maukwati ndi maliro a mudzi wathu moyo wake wonse popanda womunena.

Lamlungu, 9 Mangsir

Diripi achotsa. Andiyendetsa m'khonde, namwino atandigwira m'khwapa. Andiimiritsa pasikelo: makilo 52. Ndili mnyamata ndinkafika 68. Sizinandidabwitse kwenikweni. Jekete langa la zikondwerero ndalibweza kawiri m'mbali ndi manja angawa, ndikumanamizira nsalu kuti yatamuka.

Zotsatira za chiwindi: sichinaonongeke, koma akuti n'chotopa. Ndauza dokotala nkhani ya a Nhuchhe. Anati mwina mowawo unalidi waukali, koma anyamata a kumunsi kwa mzere anamwa womwewo, kodi anagwa angati? Ndinati anyamata a masiku ano amamwa mwamantha.

A Harka akuti ku usilikali ankatha theka la botolo n'kudzuka m'mawa kuthamanga ndi katundu kumsana. Tsopano katambula kamodzi, mawa lake lonse mutu uli pa pilo.

"Ndinalimbana nazo zaka zitatu, achikulire. Chiuno ichi ndi chomwe chinagamula."

Amake Ujwal sanabwere. Chakudya anatumiza.

Lolemba, 10 Mangsir

Ndilembe bwinobwino, mutu ukuzungulira koma osati chifukwa cha bala.

Masana kwabwera Timila, mkazi wa mdzukulu wanga Rojan. Wangokwatiwa kumene, kwawo ndi ku Thimi. Ndi iye anatithirira mowa Lamlungu, monga mkwatibwi watsopano amachitira pa phwando lake loyamba, ndipo anathira bwino: mtsuko wamkuwa m'mwamba, kamtsinje kowonda kugwera m'kakapu osadontha pambali. Tonse tinamuyamikira.

Lero anafika maso ali otupa. Anandigwira mapazi n'kuyamba kulira.

"Agogo, ndine ndakugonekani pano."

"Iwe unandikankha pa masitepe?"

"Ayi, agogo. Mitsuko inali iwiri. Agogo aakazi anandiuza kuti wa ulusi wofiira pakhosi ndi wa akuluakulu, winawo wa anthu ena onse. Ine nditanunkhiza wa ulusiwo, ndinamva kuti ndi madzi enieni, aila wa kumapeto uja, woonjezeranso madzi. Ndinati wina wasokoneza. Kwathu amayi anandiphunzitsa kuti wamkulu umamupatsa chabwino. Ndinachita mantha kuti tsiku langa loyamba ndithirire agogo madzi, anthu adzati mkwatibwi wa Rojan ndi wamwano. Ndiye ndinakhuthula, n'kudzazamo wa mutu."

Wa mutu ndi uja woyamba kudontha, amene ukamuyandikiza ku moto amayaka.

Ndinamufunsa kuti ndani anasokoneza mtsukowo poyamba. Anandiyang'ana, n'kugwira pakamwa. Apo m'pamene anazindikira kuti sindikudziwa kanthu.

"Agogo aakazi anandiletsa kunena. Akuti bola anthu azinena iwo."

Ndinamupatsa lalanje, n'kumuuza kuti apite akadye, ndamva kuti sakudya. Mwanayo analakwa chifukwa cha ulemu. Ndimukwiyire chiyani? Amene ndamukwiyira ndikumudziwa.

Lachiwiri, 11 Mangsir

Sindinagwire chakudya cha m'mawa. Amake Ujwal atalowa anangoona nkhope yanga n'kuika mbale pansi.

"Timila wabwera," ndinatero.

"Wandiuza. Mwana uja mimba yake sisunga kanthu."

"Zaka zingati mwakhala mukundimwetsa madzi?"

"Si madzi. Muli aila pang'ono."

"Zingati?"

"Chiyambire chaka chija munagwera mu ngalande pobwera ku ukwati wa mwana wa mchemwali wanu, n'kunena kuti mwaterereka pa ndowe. Kunalibe ndowe, bambo a Ujwal. Ndinapita kukaona."

Papita zaka khumi ndi ziwiri. Zaka zonsezo ndakhala ndikudzitama pamaso pa anyamata kuti taonani, ine titatu ndipo sindigwedezeka. Mayiwa ali kumbuyo kwanga ndi mtsuko wawo, nkhope yosaseka ngati wansembe. Kunyumbanso, kakapu kanga ka madzulo, chimodzimodzi.

Ndinati andidyetsa njomba, andisandutsa choseketsa cha akazi a mudzi wonse.

"Mukudziona ngati ndani? Mukuyesa ndi inu nokha? Mzere wonse wa kumtunda umamwa wa ulusi. A Nhuchhe ayamba kale kwambiri. Bambo anu omwe ankamwa wa ulusi, ndipo amene anandiphunzitsa kumanga ulusiwo ndi mayi anu. Mwamuna akayamba kumera imvi m'makutu, akazi timauzana. Inu mumati timakuthirirani chifukwa cha ulemu basi?"

Bambo anga! Amene ankati mowa umawaopa.

A Harka anadzifunditsa bulangete kumutu, koma bedi lawo limagwedezeka.

Kenaka ndinafunsa amake Ujwal kuti bwanji osangouza anthu zoona, m'malo molola kuti azinena kuti dzanja lawathawa. Anakhala pampando, n'kuyamba kusenda dzira.

"Ndikanena, Timila adzakhala mkwatibwi amene anagwetsa agogo a mwamuna wake, mpaka imvi. Ndiponso madoda aja akadziwa, aliyense adzayamba kudzithirira yekha kuti aonetse kuti akadali mwamuna. Chisanu chino chisanathe tidzawanyamula angati? Ine ndakalamba, dzina langa latumikira kale. Aleke anene."

Ananena mopepuka, koma dzira lija analisenda mpaka kulikumba. Ndamva kuti banja la a Nhuchhe labweza mtsuko womwe linaitanitsa wa ukwati wa mdzukulu wawo. Sanandiuze iwo, wandiuza Ujwal.

Ndinadya dziralo. Ndakwiyabe, koma ndimawakonda mayi amenewa, ndipo lero ndawakonda kuposa kale.

Lachitatu, 12 Mangsir

Chithunzi chachiwiri. Magazi achepa ndi theka. Ulusi wa pamphumi achotsa, kwatsala chipsera chokhota, monga ndinanenera.

Dokotala afunsanso za lonjezo. Ndati andipatse tsiku.

Ndakhala ndikuganiza. Zomwe dokotala anandifotokozera za minofu ndi madzi ndi chiwindi, ndinazikana chifukwa cha umboni umodzi wokha: makapu anga atatu. Tsopano umboniwo wapezeka kuti unali wosungunula.

Lachinayi, 13 Mangsir

A Harka atuluka lero. Andisiyira theka la paketi ya mabisiketi ndi mawu akuti, "Mukakwera ngolo ija mugwiritse, achikulire, adzukulu a masiku ano amathamanga." Ndiwasowa.

Lachisanu, 14 Mangsir

A Nhuchhe abweranso, ulendo uno ndi madoda anayi, kudzakambirana za pa 19. Ujwal analipo. Amake Ujwal anali atatsikira kunsi kukagula mankhwala.

A Nhuchhe sanazungulire. Anati bungwe lagwirizana kuti aila wa janku akagulidwe kwa mayi wina wa kumunsi kwa phiri, kuti zisachitikenso. Ujwal anangoyang'ana nsapato zake.

Taganizani. Mkazi wanga akhale m'ngolo atavala zofiira, tsiku lomwe walidikira moyo wake wonse, mudzi wonse ukumwa mowa wa mkazi wina chifukwa wake akuti ndi woopsa.

Lilime linandiyabwa. Ndikanangoti, akulu, inu mwakhala mukumwa madzi zaka makumi awiri, nkhani ikanathera pomwepo, ndipo nkhope ya a Nhuchhe ikanandichiritsa mutu. Koma chinsinsicho si changa. Ndinatsala ndi chinthu chimodzi chokha choti ndipereke, chomwe ndakhala ndikuchikakamira sabata yonseyi.

Ndinati, mokweza kuti ogontha amve: "Mowa uja unalibe vuto. Ndakhala ndi mayi aja zaka zoposa makumi asanu, aila wawo ndimamudziwa, ndipo wa Lamlungu uja ndi wabwino kuposa yense amene ndamwapo zaka zambiri. Anyamata anamwa womwewo, wagwa ndani? Vuto ndi ife. Takalamba, akulu. Ine andijambula, andiyeza, andiimiritsa pasikelo. Thupi langa latsala theka, chiwindi chikuyenda ndi ndodo. Mowa wabwino sindingauthenso."

"Iwe ndiye wakalamba," anatero a Nhuchhe. "Ine ayi."

"Inu munaimbira apongozi anu nyimbo ya chikondi."

Madoda aja anaphulika kuseka, mpaka namwino anabwera kudzatiletsa. Mmodzi, amene anagona pabwalo uja, anati chapansipansi, "Komadi unali wokoma." Winanso anavomera. A Nhuchhe anatafuna lalanje kwa nthawi, kenaka anati mwina mlamu atcheze wofewerako wa akuluakulu, poti ena pano afooka. Anati ena, akuyang'ana ine. Ndinati ndi nzeru yabwino kwambiri, ndikawauza mayiwo, sanaiganizepo.

Kenaka ndinawauza kuti pa janku wanga padzakhala aila wa mkazi wanga kapena sipadzakhala janku. Ndipo ine ndidzangokhudzitsa pamlomo, aliyense aone, amene akufuna kuseka aseke.

Ujwal anatuluka msangamsanga kukafuna dokotala ndisanasinthe maganizo. Ndalonjeza pamaso pa onse awiri. Zinandiwawa pang'ono, kunama n'kulakwa. Munthu sunena kuti ndakalamba n'kumva kukoma.

Loweruka, 15 Mangsir

Anditulutsa mawa. Mapiritsi a BP m'mawa uliwonse. Aja a magazi ndidikire mpaka adzandione pakatha milungu iwiri. Chikhakha chikhala mwezi wina, ndiye dzanja la malaya a janku liyenera kusomboledwa, ndipo ndauza Ujwal kuti asapatse telala wina aliyense, ndichita ndekha ndi dzanja limodzi. Masitepe ndizitsika wina ali patsogolo. M'ngolo ndikhale ndi pilo, dzuwa likakula andifunditse ambulera.

Amake Ujwal abwera m'mawa, pakamwa pawo patabwerera. Akalipira namwino za mapilo, akalipira Ujwal za galimoto, andikalipira ine za ndevu. Ndinangotseka maso n'kumamvetsera ngati wailesi.

Atatopa anakhala pambali pa bedi n'kuyamba kupinda zovala zanga.

"Akazi a a Nhuchhe atumiza mwana kudzatenga mtsuko uja anabweza," anatero. "Akuti munalalikira muno dzulo."

"Ndinangonena zomwe ananena dokotala."

"Akuti munati mwakalamba."

"Anamva molakwa, banja lonse lija ndi logontha."

Sanaseke. Anapinda malaya amodzi kawiri, n'kuwapindulanso. Kenaka anandiuza kuti bulauzi ija ayiyesa dzulo, Timila akuwathandiza, ndipo ikuthina pang'ono m'khwapa. Ndinati siikuthina, ndi iwo sadziwa kuvala za ukwati. Anati adziwira kuti, poti amene anawakwatira anali wothamanga.

Ndinawafunsa kuti Lachitatu, tsiku la janku, m'kapu mwanga mudzakhala chiyani, wa ulusi kapena madzi a pampopi, poti ndi zongokhudzitsa.

Anandiyang'ana, maso atanyowa.

"Mwalonjeza zoona kuti simumeza?"

"Ndalonjeza."

"Ndiye ndidzakuthirirani wa mutu, ndi dzanja langa. Zaka zonsezi ndakhala ndikutcheza wabwino n'kumapatsa amuna a eni. Lachitatu mudzamununkhize, bambo a Ujwal, mudziwe mkazi amene munamuthawitsa."